Liwiro Limene Michiru Analilira

Ku kampani yathu yoluka matawulo mumzinda wa Imabari kunalibe munthu wosamudziwa Kuwahara Michiru. M'mawa ankakhala patebulo la pafupi ndi zenera, n'kumayankha mafoni a eni mahotela ofuna katundu. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ankavula nsapato za mu ofesi, kuweramira aliyense potsanzika, n'kukoleka chikwama paphewa ulendo wa kubwalo la masewero. Kampani inamulemba ntchito ziwiri: theka la tsiku mafoni, theka linalo kuthamanga dzina lathu lili pachifuwa.

Mpikisano wake unali uja wa mamita zana limodzi, wodumpha timipanda khumi. Amene sanauonerere bwino amayesa ndi masewera a ana. Timipandato timafika cha m'chiuno, timaikidwa pamipata yofanana, ndipo pakati pa kampanda ndi kanzake wothamanga amaponda katatu basi. Wamtali, wamfupi, waliwiro, wochedwa, onse katatu. Michiru ankadutsa pamenepo ngati madzi otsika m'ngalande. Pa zaka zonse zimene tinkamuonerera, kugwetsa kampanda kunali kwa apo ndi apo, moti kakagwa tinkayang'anizana.

Komabe mtsikanayo analibe mtendere. Kawiri konse anapita kumpikisano wa dziko lonse lapansi, ndipo kawiri konse anathera mu ndime yachiwiri. Mu ndime yomaliza mumalowa akazi asanu ndi atatu okha, ndipo Michiru ankafuna kuima pakati pawo ngakhale kamodzi m'moyo wake. Mendulo sankaitchula n'komwe. Zaka zinali zitakwana makumi atatu, bondo lakumanzere linkadandaula kukazizira, choncho anakauza abwana kuti chaka chimenecho chinali chomaliza. Tonse tinadziwa kuti akalephera ulendo uno, basi kwatha.

Mayi Nagamine, amene ankakhala naye tebulo limodzi, anali munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Mwanawe, kudumpha umadumpha mokoma, ine mpaka ndimaiwala kupuma," anatero tsiku lina akuthira tiyi. "Koma anzako akunja aja amathamanga ngati aba chinachake. Amadya chiyani anthu amenewo?"

"Mpunga womwewu, Mayi."

"Bodza. Iwe ukadali kukonza maonekedwe m'mwamba, iwo atsika kale akupita."

Michiru anaseka nawo, koma mawuwo anamulowa. Madzulo ake anakakumana ndi mphunzitsi wake, a Tsujimoto, bambo wojintcha wolankhula ngati mawu akuchita kugula. Iwowa anamutola ali kusekondale, ndipo ankamuwerengera ngati mwana wawo.

"Aphunzitsi, nyengo yozizira ino ndipita ku Okinawa, kuchilumba kofunda kuja. Ndikufuna ndikakhale ndi aja othamanga popanda timipanda. Chimene ndikusowa ine ndi liwiro."

"Liwiro ndi labwino," anayankha a Tsujimoto. "Pita. Koma uzikadumphako kawiri pa sabata, mapazi asaiwale."

"Timipanda ndimatidziwa ngati khomo la kwathu. Ndikataye nthawi pa zimene ndikudziwa kale?"

"Tamvera, Michiru. Miyendo ikalimba, phazi limatalika. Koma mpata wa pakati pa timipanda sutalika nawo. Ukabwera ndi liwiro, udzafunika kuphunziranso kuponda, ngati woyamba kumene."

"Mwakhala mukundiuza za kuponda kuyambira ndili ndi yunifolomu ya sukulu. Zandifikitsa pati? Pampando wa oonerera."

A Tsujimoto anavula chipewa, kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Mawu a mwana amene unamulera amabaya mosiyana ndi a munthu wamba.

Ku Okinawa Michiru sanapite kukasewera, zimenezo tisamunamizire. Ankakoka zitsulo, kukwera zitunda, kuthamangitsana ndi anyamata a kuyunivesite mpaka kusanza. Nyengo yonseyo sanadumphe kampanda ndi kamodzi komwe. Anabwerako mitengo ya matcheri itayamba maluwa, nkhope itada ndi dzuwa, ntchafu zitadzaza thalauza. Mayi Nagamine atamuona anaomba m'manja.

"Ee, abale! Tinatumiza mbawala, atibwezera hatchi!"

Liwiro linabweradi. Pa mtunda wopanda chotchinga, a Tsujimoto anayang'ana wotchi yawo kawiri, osakhulupirira. Koma ataika timipanda, zinthu zinasintha. Koyamba, kachiwiri, kachitatu anadutsa bwino. Pofika kachisanu anapezeka ali pamwamba pa kampandako asanakonzeke, ndipo mwendo wotsogola unakamenya. Gwa! Anabwereza, gwa! pamalo omwewo.

Mankhwala a vutoli odumpha timipanda onse amawadziwa, ndipo ndi owawa. Timipanda amatisendeza kufupi kuposa mmene timakhalira pampikisano, kenako wothamanga amaponda mofupikitsa, mwachangu, tsiku ndi tsiku, mpaka mapazi atazolowera kunyamula liwiro latsopanolo m'malo opanikizika. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda chokoma, ndipo masabata oyamba munthu amaoneka ngati wabwerera m'mbuyo. A Tsujimoto anasendeza timipandato. Michiru anayesa masiku ochepa, nkhope ili gwaa.

"Izi zili ngati kundiveka nsapato za mwana," anatero. "Ndavutika miyezi yonseyi kuti ndidzayende monyang'ama?"

Tsiku lotsatira anafika msanga, n'kukankha kampanda kalikonse ndi phazi, kutisendeza kutali pang'ono kupitirira chizindikiro cha pampikisano. Pang'ono chabe, ngati kutalika kwa nsapato yake. Atathamanga anauluka. Sanakhudze kanthu, ndipo anafika kumapeto akuseka ngati mwana.

"Mwaona, Aphunzitsi? Thupi likufuna chonchi."

"Thupi likufuna chonchi, inde. Nanga kumpikisano wa ku America akakusendezera ndani?"

"Tsiku la mpikisano ndidzadziwa chochita. Ndakhala ndikudumpha zaka zingati?"

Kuyambira pamenepo panabuka kankhondo kachetechete. A Tsujimoto akabweza timipanda pamalo pake, Michiru ankadutsa ngati akungoyenda, n'kumatikankha ndi chala cha phazi. Iwo kubweza, iye kukankha. Mapeto ake bamboyo anatopa, n'kumangoima pambali ndi wotchi yawo. Apa ine ndimati analakwitsa. Ankaopa kumvanso mawu aja a pampando wa oonerera, komanso ankasangalala kumuona mwanayo akuseka. Chikondi china chimafewetsa munthu pamene pafunika kuuma mtima.

Mpikisano wa dziko lathu unangowonjezera vutolo. Kunoko kunalibe womupanikiza, ndiye Michiru anathamanga ataligwira liwiro lake, osalimasula lonse, ndipo anapambana mosavuta popanda kugwetsa kampanda. Anatsika ndege atanyamula maluwa, akuyenda ngati mlandu waupambana. Ife a kuofesi, amene sitidziwa kanthu, tinamuthandiza kukhulupirira kuti zonse zili bwino.

Mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku America m'chilimwe. Ndime yoyamba anaidutsa, ngakhale anakhudza timipanda tiwiri chakumapeto. Tsiku la ndime yachiwiri kunoko kunali m'mawa. Abwana anaimitsa makina onse, chinthu chimene sachita ngakhale kubwere chivomezi chaching'ono, ndipo tonse tinasonkhana m'chipinda chodyera pamene anaika kanema wamkulu. Tinamanga tinsalu toyera pamphumi. Wolengeza anafotokoza kuti awiri oyamba ndiwo alowe mu ndime yomaliza.

Tinamuona Michiru akulowa, n'kuweramira bwalo monga mwa mwambo wathu. Kudzanja lake lamanja kunali mtsikana wa ku Jamaica, kumanzere wa ku Nigeria, onse ataliatali. Mphepo inkaomba pang'ono kuchokera kumbuyo kwawo. Anyamata a kumakina anasangalala nayo, amvekere imukankha. Sankadziwa kuti mphepo yakumbuyo, imene othamanga ena amaipempherera, kwa wodumpha timipanda imamukankhira pachitsulo.

Mfuti inalira. Michiru anatuluka ngati wina wamulasa ndi singano, ndipo pakampanda koyamba anali limodzi ndi anzakewo. Pakachitatu anali atatsogola. Sindinaonepo zotero chibadwire: mwana wa patebulo la pazenera, patsogolo pa akazi othamanga kwambiri padziko lapansi. Chipinda chonse chinaimirira. Mayi Nagamine ankamenya msana wa abwana osadziwa n'komwe kuti akumenya ndani.

"Pita, mwanawe! Asiye! Asiye!"

Ulendo uno panalibe zoligwira liwiro. Anthu awiri akupumira m'khosi mwake, Michiru anamasula zonse zimene anakatenga ku Okinawa. Phazi linatalika monga linazolowera pabwalo la kwathu. Pakachisanu ndi chimodzi anafika pafupi kwambiri, koma anadutsa. Kachisanu ndi chiwiri anakakhudza, kanagwedezeka. Thupi linapendekera pang'ono, ndipo pofika kachisanu ndi chitatu analibenso poponda. Mwendo unalowa pansi pa thabwa, kampanda kanagubuduka, ndipo iye anagwa chafufumimba.

Wa ku Jamaica ndi wa ku Nigeria anali atafika kale, akukumbatirana. Kanema anabwerera kwa Michiru. Anadzuka pang'onopang'ono, bondo likuchucha magazi, n'kuyenda mpaka kumapeto. Atafika anatembenuka, kuimika mapazi pamodzi, n'kuweramira bwalo lija nthawi yaitali. Mayi Nagamine anakhala pansi, kuvula kansalu ka pamphumi, n'kudziphimba nako kumaso. Aka kanali koyamba kuwaona atasowa chonena, ndipo zinandimvetsa chisoni kuposa kugwa kwenikweniko.

Zotsalazo anatiuza ndi a Tsujimoto atabwerako. Ndime yomaliza inali tsiku lomwelo, patangopita maola ochepa. Adokotala atamumanga bondo, a Tsujimoto anamuuza kuti abwerere kuhotela akapume, koma Michiru anakana. Anakwera nawo masitepe motsimphina, n'kukakhala pakati pa oonerera, pakati pa anthu odya chimanga chokazinga amene sankamudziwa n'komwe.

"Aphunzitsi, munaona?" anafunsa kenako. "Ndinali patsogolo."

"Ndinaona. Patsogolo pa onse."

"Chibadwire sindinamvepo thupi langa litapepuka chonchija. Ndinkati basi, ndalowa. Kenako timipanda tinayamba kubwera tokha, msangamsanga, ngati wina akutiponya."

"Nanenso ndili ndi mlandu, Michiru. Ndinatopa msanga. Ndikanalimbikira."

"Ayi. Phazi lokankha lija linali langa. Mukanakhala kuti munandikakamiza, zikanatenga nthawi yaitali bwanji kuti mapazi azolowere?"

A Tsujimoto akuti anafuna kunama, koma analephera.

"Mwina miyezi iwiri."

"Miyezi iwiri," anabwereza Michiru. "Ndipo ndinali nayo."

Pansipo akazi asanu ndi atatu ankatchulidwa mayina mmodzimmodzi, aliyense akukweza dzanja. Michiru ankawadziwa onse. Ena mwa iwo, pamtunda wopanda timipanda, akanawasiya m'mbuyo chaka chimenecho. Mfuti italira sanaphethire mpaka womaliza atafika. Anaimirira ndi mwendo umodzi, atagwira phewa la mphunzitsi wake, n'kuomba m'manja limodzi ndi khamu lonse, misozi ikutsikira m'khosi. Umenewo unali mpikisano wake womaliza, ndipo anauonera ali pamwamba.

Palibe amene anamunamiza Michiru. Liwiro analifuna, analikhetsera thukuta, ndipo analipeza lenileni. Ife tinaliona ndi maso athu kwa timipanda tisanu ndi kamodzi. Chimene anakana ndi ntchito yonyansa imene liwirolo linabwera nayo. Anafuna kulandira mphatso n'kubweza katundu wake, koma zinthu zabwino sizibwera choncho. Paja amati walira mvula walira matope.