Dokotala wa Mayi Chotsaniko

Pamsika wina, mumzere wa ogulitsa nsapato, munali mayi amene aliyense ankamutcha Chotsaniko. Dzinali analipata ndi pakamwa pake. Akapita kokapikula katundu, mwini katundu asanamalize n'komwe kutchula mtengo, iye anali atalowererapo kale: "Chotsaniko, achimwene, sindine mlendo ine." Mwini katundu akalumbira kuti apa ndiye pothera, mayiyo ankaponya nsapato pamulu, n'kutembenuka, n'kumapita. Koma ankapita mwaulesi, phazi kutsogolo khutu kumbuyo, ndipo asanakhote ankamva mawu aja: "Bwerani mayi, tengani, mwandipha." Zaka zonse za geni yake zinamuphunzitsa chinthu chimodzi: munthu akati apa ndiye pothera, akunama. Ungomupatsa msana, aona yekha kuti pansi pake pali penanso.

Nzeru imeneyi ndi yabwino pansapato. Tsoka lake, iye anapita nayo kunyumba.

Mwana wake woyamba, mtsikana, anali ndi mutu wakuthwa ngati lumo. Mayiyo sukulu anaisiyira panjira, zolemba ankaziwerenga moloza ndi chala, koma nambala wani ankaidziwa bwino, chifukwa ndi imene mwanayo ankabwera nayo teremu iliyonse. Amayi a pamsika anayamba kumutcha mwanayo Dokotala akadali kamwana kovala yunifolomu yofika m'mapazi, ndipo dzinalo linamera mizu. Tsopano anali m'kalasi lomaliza, akukonzekera mayeso aakulu amene amasankhira okaphunzira zaudokotala. Malo ake ndi ochepa, olimbirana ndi khamu, ndipo wotsala watsala. Chotsaniko anali atauza kale msika wonse kuti malo amodzi ndi a mwana wake. Bambo a mwanayo ankayendetsa lole, pakhomo ankangofika ngati mlendo, choncho chilichonse chinali m'manja mwa mayiyo.

Zinayamba tsiku limene zotsatira za mayeso oyeserera zinatuluka. Dokotala anafika pabenchi la nsapato masana, chikwama kumsana, nanena motsitsa mawu kuti wakhala wachitatu.

"Wachitatu?" Chotsaniko anaika manja m'chiuno. "Awiri enawo ali ndi mitu ingati? Amadya chiyani chimene iwe sudya?"

"Amayi, mayeso anali ovuta. Ndinawerenga ndi mtima wanga wonse. Apa ndiye pamene mphamvu zanga zathera."

Khutu la Chotsaniko linawadziwa mawu amenewo. Anali atawamva kwa amuna a ndevu zawo, ena akulumbira kutchula Mulungu ndi makolo awo omwe. Sanakalipe. Anangotembenuka n'kuyamba kupukuta nsapato ngati mwanayo palibe. Kunyumba sanamulankhule. Pachakudya anagawira ana enawo akuseka nawo, mbale ya Dokotala n'kungoikankha osamuyang'ana. M'mawa mwake, akumanga katundu, anamva kumbuyo kwake:

"Chabwino amayi, ndiwonjezera."

Mayiyo anamwetulira chamumtima. Si ndinanena? Pansi pake panali penanso.

Kuchokera pamenepo anayamba kumuchotsera zinthu chimodzichimodzi. Mpira wamanja unapita. Foni inalowa m'sutikesi ya mayi. Anzake akabwera kudzamuona ankabwezedwera pachipata: "Dokotala alibe nthawi ya miseche, mudzamupeza kuchipatala akadzayamba ntchito." Loweruka ndi Lamlungu kunali maphunziro apadera. Wailesi m'nyumba inazima, ang'ono ake ankayenda monyang'ama ngati pali maliro. Bambo ake akaimba foni ali m'njira n'kufunsa kuti mwana ali bwanji, yankho linali limodzi: "Akuwerenga." Nthawi iliyonse mwanayo akati watopa, mayi ankamupatsa msana, ndipo nthawi iliyonse msanawo unkapambana.

Musaganize kuti mayiyu anali ndi mtima wa mwala. Anali ndi mantha. Miyendo yake inali itatupa ndi kuimirira, msana utapindika ndi matumba, ndipo akaona atsikana a msinkhu wa mwana wake akuitanira makasitomala padzuwa, khanda kumsana, ankaopa kuti wakenso adzathera pomwepo. Kuwonjezera apo, moyandikana naye munali mayi wogulitsa mapoto amene mwana wake wamwamuna ankalembanso mayeso omwewo, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Anzanga, Dokotala wathu ali bwanji? Ndamva kuti anzake amupitirira. Musadandaule, ngakhale osesa kuchipatala amavala zoyera."

"Samalani mapoto anuwo, akuchita dzimbiri," Chotsaniko ankayankha. Koma mawuwo ankapita nawo kunyumba, ndipo wowasenza anali mwana.

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali mng'ono wake wa Chotsaniko, woluka tsitsi. Tsiku lina masana anamukhazika Dokotala pakati pa miyendo yake kuti amuluke, buku lili pamwendo pa mwanayo chifukwa mayi sanalole kuti alisiye. Atapesa pafupi ndi khutu, chipeso chinaima. Panali kadazi kakakulu ngati chikhatho cha khanda, kosalala, kofiira m'mbali.

Anamutuma mwanayo kukatunga madzi, n'kuitana mkulu wake.

"Achemwali, mwanayu akudzizula tsitsi. Mwaziona zala zake? Zikhadabo wazidya mpaka magazi. Siketi ikuchita kumuvuka. Ndipo tsamba limene watsegulalo ndi lomwelo chiyambire kumuluka ine."

"Ndiye kuti akulimvetsa bwino."

"Musaseke. Ang'ono ake akuti m'mawa uliwonse amasanza asanapite kusukulu. Mwanayu ali ndi maganizo."

"Maganizo!" Chotsaniko anaomba m'manja. "Mwana wosalipira lendi, wosadziwa mtengo wa sopo, aganiza chiyani? Maganizo ali ndi ine. Iwe luka, ugonekere tsitsi mbali imeneyo pabisike. Akamaliza mayeso limera."

Mng'onoyo analuka, akupukusa mutu.

Wachiwiri anali mphunzitsi wa kalasi la Dokotala, bambo wofatsa, amene anachita kubwera yekha pamsika. Chotsaniko anayamba kumuonetsa nsapato zachikopa, koma iye anakana mwaulemu. Anafotokoza kuti dzulo lake anamuitana Dokotala kubolodi kuti asove samu imene kale ankaisova akuseka. Mwanayo anagwira choko n'kungoima mpaka choko chinagwa. Kenako anathawira kuchimbudzi n'kudzitsekera.

"Mayi, mwanayu zonse akuzidziwa. Chimene chatha ndi mphamvu. Mulekeni apume, acheze ndi anzake, ndipo mupite naye kuchipatala akaonane ndi alangizi a za maganizo."

"Aphunzitsi, mukuti mwana wanga ndi wamisala?" Mawu anakwera, ndipo wamapoto uja anatukula khosi. Chotsaniko anawatsitsa msanga. "Inu phunzitsani, kulera mundisiyire. Mayeso atsala pang'ono. Apume akamaliza, ndidzamugulira ndi matiresi omwe."

"Thupi silidikira mayeso, mayi."

"Lidikira. Langali ladikira zaka zingati?"

Patatsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe, Dokotala anabwera pabenchi dzuwa likupendeka. Anakhala pathumba la nsapato kuseri, nagwira nsalu ya mayi ake ngati kamwana.

"Amayi, ndimvereniko. M'mutu mwanga muli phokoso ngati chigayo. Ndikayang'ana buku zilembo zikuyendayenda. Mtima ukumathamanga ndili chikhalire. Sindingathenso, amayi. Zoona."

Chotsaniko anamva kuti dzanja la mwanayo likuzizira.  Koma wamapoto anali tcheru, ndipo phazi lozolowera njira silifunsa mutu. Anachotsa nsalu yake m'dzanja la mwanayo, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda mumzere muja, khutu kumbuyo. Anadutsa a nsapato, anadutsa a malamba ndi zikwama. Palibe anamuitana. Anafika mpaka pothera mzere, pamene amatayapo zinyalala, naima ngati wataya kanthu. Chiyambire geni, aka kanali koyamba kufika kumeneko osaitanidwa. Mtima unamuuza kuti athamangire kwa mwanayo. Koma atabwerera anapeza mwana ali phee, buku lotsegula pamwendo, maso ali patsamba. Anapumira m'mwamba. Wavomera, anatero mumtima. Sanadzifunse chifukwa chake mwanayo sanalirenso.

Tsiku la mayeso sanatsegule benchi. Anamusitira yunifolomu, n'kumuperekeza mpaka pachipata cha holo. Dokotala ankachita chilichonse chimene wauzidwa ngati chidole: imirira, aimirira, idya, aluma kamodzi. "Ukandichotse manyazi," mayi anamunong'oneza akumukonza kolala. Mwanayo anagwedeza mutu n'kulowa.

Makolo ena anabalalika. Chotsaniko anakhala pamwala pafupi ndi mpanda, akupotokola ngodya ya nsalu yake. Belu linalira. Kunja kunati zii. Dzuwa lisanakwere n'komwe, chitseko cha holo chinatseguka, ndipo mayi wina woyang'anira mayeso anatuluka mofulumira, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ndani wabwera ndi mtsikana amene anzake akumutcha Dokotala?"

Chotsaniko anadzuka n'kumutsatira. Ali m'njira woyang'anirayo anafotokoza kuti mapepala atangogawidwa, mwanayo anayamba kubanika, kenako anatsetsereka pampando n'kulowa pansi pa desiki, manja atatseka makutu. Anachita kumunyamula.

"Mumwetseni madzi abwerere," anatero Chotsaniko, pakamwa pakulankhula pokha. "Nthawi ikadalipo. Mumuwonjezereko pang'ono, amayi, ndapota nanu."

Woyang'anirayo anangotsegula chitseko cha kachipinda kena.

Mwanayo anali pansi pakona, atadzipinda, thukuta lili kamukamu, akupuma ngati wothamangitsidwa. Milomo yake inkayenda. Mayi atawerama anamva: "Ndiwonjezera, ndiwonjezera, ndiwonjezera." Anatambasula dzanja kuti amugwire. Mwanayo atakweza maso n'kuona kuti ndi mayi ake, anakuwa, n'kubisa mutu m'mawondo.

Chotsaniko anatukwanidwapo pamsika, anaberedwapo, analandidwapo katundu. Palibe chimene chinamupweteka ngati chimenecho.

Atapita naye kuchipatala, Chotsaniko anadikira panja mpaka dzuwa linapendeka. Dokotala wa pachipatalapo, mayi wovala magalasi, anamuitanira m'chipinda payekha. Anati si misala ndipo si ulesi. Ndi matenda a nkhawa, amene amagwira ana ambiri a mayeso akapanikizika kopitirira muyeso. Amachizika, koma pafunika mankhwala, uphungu ndi kupuma kwenikweni. Za mayeso a chaka chino aiwale.

"Chaka chonse? Adokotala, mapepala ena akadalipo mawa ndi mkuja. Bwanji atangolembako amenewo, kenako..."

Dokotalayo anavula magalasi. "Mayi, mwana wanu wandiuza kuti kwa milungu ingapo wakhala akulakalaka atagona osadzukanso. Akuti ankaopa kukuuzani. Thokozani kuti wagwera m'holo muli anthu."



Chotsaniko anatuluka naye mwanayo m'chipatala patapita masiku angapo. Benchi linakhala lotseka, ndipo msika unalankhula zimene unalankhula. Ena anati mwana walodzedwa, ena anati wazembera mayeso. Mabuku onse mng'ono wa Chotsaniko uja anawaika m'thumba n'kupita nawo kwake. Ngati mwanayo adzalembenso, palibe akudziwa, ndipo m'nyumbamo palibe amafunsa.

Tsiku lina masana, Chotsaniko akuchapa pakhonde, anaona chithunzithunzi pakhomo. Mwana wake anaima pamenepo, ataonda, manja atawapinda kumbuyo ngati ali mu ofesi ya ahedi.

"Amayi," anatero monong'ona, "ndingagoneko pang'ono? Ndidzuka msanga."

Sopo anapulumuka m'manja. Mtsikana wamkulu, wodwala, m'nyumba ya mayi ake omubereka, kupempha tulo ngati ndi katundu wa eni!

"Gona, mwana wanga. Gona mpaka tulo tithe tokha."

Mwanayo anamuyang'anabe, akudikira kuti pabwere mawu ena pamwamba pake. Sanabwere. Analowa pang'onopang'ono, ndipo mayi anasiya zochapa zili m'madzi n'kukakhala pansi pakhomo la chipindacho, manja a thovu ali pamiyendo, akumvetsera kupuma kwake.

Makolo anzanga, mwana wanzeru timamuimba tonse ngati ng'oma, kunyumba, kusukulu ndi pamsika pomwe, chifukwa kulira kwake kumatikomera m'khutu. Chikopa palibe amachiyang'ana. Akuluakulu anaziona kale zimenezi: ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.