Mapazi a Pakhoma la Fakitale

Panali munthu wina wolemera amene anamanga fakitale ya nsapato m'mbali mwa msewu waukulu. Makina ankalira tsiku lonse, malole ankatuluka atadzaza. Tsiku lina anaitana mayi wina amene ankajambula zikwangwani za magolosale ndi malo ometera.

"Mundijambulire chitukuko pakhomapa," anatero. "Aliyense wodutsa aone zomwe tachita."

Mayiyo anagwira ntchito masiku asanu. Anajambula makina, utsi ndi malole. Pakati anaikapo bwanayo, nsapato zake zili waliwali. Pansi pake anajambula antchito ali pamzere, monga ankawaonera pageti m'mawa: ena opanda nsapato, ena atavala masilipasi omanga ndi waya. Ngakhale ming'alu ya kuzidendene sanaisiye.

Anthu anaunjikana. Okwera minibasi ankatulutsa mitu pawindo. Antchito ankalozerana: "Phazi ilo ndi la a Chimbalanga, onani chala chokhotacho." Kunali phwete lokhalokha.

Bwana atafika anaona nkhope yake, nakondwa. Atatsitsa maso n'kuona mapazi aja, anaitana mayiyo.

"Mayi, avekeni nsapato anthuwa."

"Pepani bwana, burashi yangayi ndi yopusa, imangotsata zomwe yaona. Yambani ndinu kuwaveka, ine nditsatira pambuyo."

Bwana akanatha kulamula kuti khoma lonse lipakidwe laimu. Anaganizadi zimenezo. Koma laimuyo akanafufutanso nkhope yake, yomwe inatuluka bwino kuposa yeniyeni. Anaima kanthawi, akuyang'ana mapazi a pakhoma, kenako a anthu amene anamuzungulira. Anapeza kuti mayiyo sananame ngakhale chala chimodzi. Iyenso anaseka, natuma kapitawo kuti akatsegule nyumba yosungiramo katundu.

M'mawa mwake antchito anabwera atavala nsapato zatsopano, ena akutsimphina chifukwa chosazolowera. Mayi uja anakhala pafupi ndi geti ndi zitini zake za penti. Aliyense wodutsa atavala, ankamuvekanso pakhoma.

Abale anga, wina akakujambulani zimene simufuna kuona, musathamangire laimu. Khoma liyera ndithu, koma mnzanu apondabe miyala. Yambani mwafunsa ngati wojambulayo wanama. Ngati sananame, siyani khomalo, pitani pageti mukaone mapazi a anthu amene akukupangirani nsapato.