Adyo m'Nyemba za aNangozo

Du, du, du. Sigele anadzidzimuka pamphasa. Silinali phokoso la khoswe, komanso sinali mbuzi yokanda chitseko. Kunali kusinja, koma kusinja kwake kochepa, ngati kwa ana a masanje. Nanga ndani amasinja kunja kutada? Anadzuka mwakachetechete n'kukasuzumira pa mng'alu wa khitchini.

Anali aNangozo, mkazi watsopano wa bambo ake. Anali atakhala pansi, koloboyi pambali, kamtondo kakang'ono pakati pa miyendo. Ankasinja tinthu toyera ndi mchere, kenako n'kumapaka pa nkhuku yonyonyola kale, m'mapiko, m'ntchafu, mpaka m'kati.

Mtima wa Sigele unagunda, koma ndi chimwemwe. Ndawagwira, anatero mumtima, ndi kondaine ameneyu.

"Lowa, Sigele," anatero aNangozo osatembenuka. "Udzudzu ukutha pamenepo."

Sigele analowa ataumitsa khosi. "Mankhwala anji amenewo?"

"Mankhwala? Ndi adyo uyu, mwanawe. Kwathu ku Tsangano timalima ngati anyezi. Nkhuku ikagona naye, mawa imakoma mpaka fupa. Bwera ndikuonetse."

"Ndili ndi tulo," anayankha Sigele, n'kubwerera kukagona. Koma tulo sitinabwere.

Nkhaniyi akuti inachitika kalekale, adyo asanafike m'misika yonse ngati lero. Mayi ake a Sigele anali atamwalira iye ali namwali wamng'ono, ndiye kuyambira pamenepo wophikira bambo ake, aMbewe, anali iyeyo. Ankaphika bwino ndithu. Bambo ake akatha kudya ankasamba m'manja n'kunena kuti, "Mwana wanga, dzanja lako ndi la mayi ako." Mawu amenewo Sigele ankawadikira tsiku lililonse kuposa chakudyacho.

Kenako aMbewe anatenga aNangozo. Anabwera ndi katundu wochepa, koma pamwamba pake panali mitu ya adyo yomangidwa pamodzi, imene anaipachika kudenga la khitchini. Sankathira wambiri ayi. Pophika mpiru wotendera sankathira n'komwe. Koma pa usipa, ankasinja tizigawo tiwiri n'kutiponya m'mafuta, tikangoyamba kununkhira n'kuthirapo tomato msanga. "Akapserera amawawa ngati ndulu," ankatero. Pa nyama ankapaka. Pa tsabola wa pambali ankasinjira limodzi wosaphika, kachigawo kamodzi basi, n'kufinyirapo ndimu.

Ndiye aMbewe anayamba kufunsa kuti, "Zilipo zotsala?" Funso limeneli Sigele anali asanalimvepo pa ndiwo zake. Ndipo mawu aja a dzanja la mayi ake anangozilala okha, popanda amene anawaletsa.

Tsiku lina aNangozo atapita kumunda, Sigele anathyola kachigawo kamodzi, n'kusenda, n'kutafuna. Lilime linayaka, misozi inatuluka, analavula kuseri kwa nkhokwe. Kuyambira pamenepo ankadziwa chinthu chimodzi, kapena tinene kuti ankaganiza kuti akudziwa: ngati kamodzi kakuotcha chonchi, wambiri ndiye moto weniweni.

Mpata unapezeka pamene kunabwera uthenga woti azakhali ake, aNambewe, mlongo wamkulu wa bambo ake, akubwera kudzaona mlamu wawo watsopano. Aliyense pamudzipo ankawadziwa aNambewe. Mkazi wa mchimwene wawo wina anabwerera kwawo chifukwa cha pakamwa pawo. Akalawa ndiwo n'kukankha mbale osayankhula, ukwati umenewo unkayamba kugwedera.

M'mawa wa tsikulo aNangozo anatereka nyemba mumphika waukulu wadothi. Ankaoneka kuti ali ndi mantha.

"Lero adyo sindithira," anauza Sigele. "Alamu anga sanamuzolowere, angandione ngati wodzionetsera. Anyezi ndi tomato basi. Undisonkhezereko moto, ndikatunge madzi."

"Pitani," anatero Sigele. Sanawatchulepo kuti amayi chibwerereni.

Atangozimiririka ndi ndowa, Sigele anakwera pa mtondo n'kutsitsa mitu itatu ya adyo. Anasenda mofulumira ndi zikhadabo, makoko n'kuwaponya pamoto. Kusinja sakanatha, phokoso likanamuulula, ndiye anangoponya tizigawo tonse tathunthu mumphika, n'kutikankhira pansi ndi mthiko, n'kuvundikira. Mumtima ankaona kale azakhali akutsokomola, akukankha mbale, aNangozo akumanga katundu wawo, iye akubwerera pa mafuwa a mayi ake.

Nyemba zinabwata m'mawa wonse pamoto wa chitsa. ANangozo atabwera ananunkhiza m'mwamba, koma khitchini imeneyo inkanunkha adyo masiku onse, ndiye sanaganize kanthu. Anakazinga anyezi ndi tomato, n'kuthira, n'kutakasa. Tizigawo tija tinali titafewa kale n'kusungunukira mumsuzi.

Azakhali anafika dzuwa lili pamutu. Anakhala pamkeka pakhonde, mchimwene wawo pampando chapambali. ANangozo anagwada n'kupereka madzi osamba m'manja, kenako chakudya. Sigele anakhala pafupi ndi chitseko, maso ali pakamwa pa azakhali.

ANambewe anatema nsima, n'kusunsa, n'kuika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Sanatsokomole. Anatemanso mbamu ina, yaikulu kuposa yoyamba.

Apa ndi pamene ine ndimadabwa nazo, kuti chinthu chimodzi chomwecho chingakhale ndi makhalidwe awiri. Adyo wosaphika, ukamutafuna kapena kumusinja, amaluma. Koma wathunthu akabwata nthawi yaitali ukali wonse umatha, amasanduka wofewa, wotsekemera pang'ono, ndipo msuzi umakhala wokhathamira ngati wathiridwa nsinjiro. Sigele zimenezi sankazidziwa. Akanalola kuti aNangozo amuonetse, bwenzi akuzidziwa.

"Achimwene," anatero aNambewe, "nyemba ndadya zambiri pa moyo wanga. Izi ndi zina."

"Ndimakuuzani ine," anatero aMbewe akumwetulira, "mumati ndikukokomeza."

"Mumakokomeza kumene, kungoti lero mwapezeka mwanena zoona. Mlamu, sendera kuno. Dzanja limeneli ulisamale. Pakhomo pano tsopano pabwera mayi."

Pakhomo pano pabwera mayi. Mawu amenewo anamulasa Sigele pamtima. Iye ndi amene anakwera pa mtondo, iye ndi amene zala zinkamuwawa ndi kusenda, ndiye ulemu wonse upite kwa mlendo? ANangozo anali atatsegula pakamwa, nkhope yodabwa, akuti, "Alamu, kunena zoona ine sindikudziwa kuti zakoma bwanji chonchi, chifukwa lero…"

"Ndine!" Mawu anatuluka okha m'kamwa mwa Sigele. "Ndathira adyo ndine. Mitu itatu. Iwowa sakudziwa n'komwe."

Nkhuku ina inadutsa n'kutola kanyenyeswa ka nsima kamene kanagwa pansi.

ANambewe anapukuta zala pang'onopang'ono. "Wathira ndiwe. Chabwino. Mayi akowa anakutuma?"

"Ayi."

"Unawauza?"

Sigele anayang'ana pansi.

"Mlamu, iwe unati uthira?"

ANangozo anazengereza. Ankaoneka kuti akufunafuna njira yomutchinjirizira mwanayo, koma bodza linawakanika. "Ndinati lero sindithira, poopa kuti mwina simumukonda. Koma ndi mwana, alamu, mwina amafuna kundithandiza."

"Kukuthandiza," anatero azakhali. "Anamva kuti mwina sindimukonda, ndiye anathira mitu itatu, mobisa, mumphika wa mnzake, tsiku limene ndikubwera kudzalawa. Sigele, tandiyang'ana. Unkafuna kuti ndiwo zimenezi zikome?"

Sigele anayang'ana bambo ake kuti mwina amuyankhulira. AMbewe anali atasiya kudya. Sanakalipe, sanatukwane, anangomuyang'ana ngati munthu amene akuona mwana wake koyamba, kenako n'kutembenuzira nkhope kumbali. Kwa Sigele chimenecho chinawawa kuposa ndodo. Zonse zija anachita kuti bambo akewo azimuyang'ana iye yekha.

Anayamba kulira, osati mokuwa, misozi yokha. "Ndinkaphika ndine," anatero. "Kale ndinkaphika ndine."

"Tikudziwa," anatero aNambewe, ndipo mawu awo anafewa pang'ono. "Unawasunga bambo ako pamene ife tinali kutali, zimenezo palibe angakulande. Koma ukanakhala chete lero, ndani akanadziwa? Makoko unatentha, adyo anasungunuka, mlamu wangayu sakanakuganizira. Palibe anakugwira. Chimene unaponya mumphika chayenda chokha, chazungulira, chadzatulukira pakamwa pako."

Akuti mwambi uja woti choipa chitsata mwini unayambira pakhonde limenelo. Tanthauzo lake ndi loti choipa chimene wakonzera mnzako sichikhala kumene wachisiya. Umaganiza kuti wachitaya kutali, koma chimakudziwa, ndipo chimabwerera kwa iwe ngakhale palibe mboni. Sigele ankafuna kuti wochoka pakhomopo akhale aNangozo.

ANangozo anagwadanso n'kupempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo, kuti iwo alibe naye chifukwa mwanayo. Onse anadikira aNambewe, amene anayamba amaliza kaye nyemba zawo, mpaka kupukuta mbale ndi mbamu yomaliza. Atasamba m'manja anatembenukira kwa Sigele.

"Kamange zovala zako, mwana wa mchimwene wanga, upita ndi ine mpaka tikolole. Sindikukuthamangitsa, kwanu ndi konkuno. Koma mphika umodzi sungatakasidwe ndi manja awiri pamene dzanja lina likufunira linzake zoipa. Ukadzabwerako udzagwade pakhitchinipo, udzati amayi ndiphunzitseni. Choipa chitsata mwini, mwanawe. Lero chakutsata kuchokera kukhitchini kufika pakhonde pano. Ukapanda kuchisiya, chidzakutsata mpaka ku ukwati wako."