Anabwera Kudzakhala

Panali mtsikana wina wa ku Ntchisi, dzina lake Ndaziona, amene ankaphunzira za uphunzitsi. M'chaka chake chomaliza anamutumiza kukayesera ntchitoyo kwa miyezi isanu ndi umodzi m'dziko lina lakutali, lozizira, kumene dzuwa limalowa ana asanaweruke.

Kumeneko zinthu sizinamuyendere. Akalowa m'kalasi, ana sankaimirira. Akayambitsa nyimbo, ankangomuyang'ana. Akanena kuti amuwombere m'manja mnzawo amene wayankha bwino, ankawomba yekha. Tsiku lililonse ankabwerera kuchipinda chake akudzifunsa ngati panali mwana ndi mmodzi yemwe amene watolapo kanthu.

Tsiku lina mpando wa mtsikana wina, Marit, unali wopanda munthu. Bambo ake anali atamwalira. Ndaziona anapita kwa mayi amene ankamuyang'anira pa ntchito, nafunsa kuti, "Tinyamuka nthawi yanji?"

"Kupita kuti?"

"Kumaliro."

"Ayi, kuno sititero," anatero mayiwo mokoma mtima. "Tisayina khadi tonse. Anamfedwa timawapatsa mpata kuti akhale okha."

Ndaziona anasayina khadiyo. Koma ataweruka anamanga chitenje pamwamba pa zovala zake za mphepo, nafunsa njira, napita. Amayi a Marit anatsegula chitseko pang'ono chabe.

"Mwabwera ndi ntchito ya kusukulu?"

"Ayi, mayi."

"Nanga tikuthandizeni chiyani?"

"Palibe. Ndabwera kudzakhala nanu. Kwathu timatero."

Mayiwo anamulowetsa. Iye anapitirira mipando, nakhala pansi chotsamira khoma, atawongola miyendo. Sanalankhule. Patapita maola awiri anadzuka, natsuka makapu amene anawapeza m'khitchini, natsanzika. Ali m'njira manyazi anamugwira. Anaganiza kuti walakwitsanso, monga analakwitsira ndi nyimbo zija.

Kutatsala milungu iwiri kuti abwerere kwawo, uthenga unafika kuchokera kumudzi. Amayi ake omubereka anali atamwalira. Ulendo unali wautali, ndipo maliro sakanadikira. Anawaika m'manda iye ali kutsidya la nyanja. Aphunzitsi anzake anamutumizira khadi ndi maluwa, namupatsa mpata.

Masiku atatu anakhala yekha m'chipinda muja. Misozi sinabwere. Tsiku lachitatu analemba kalata yoti akapereke ku koleji yake akafika. Analemba kuti, "Uphunzitsi ndausiya. Ndinasiya amayi akudwala kuti ndikaphunzitse, ndipo palibe amene ndam'phunzitsa kanthu." Anaipinda, naiika m'chikwama.

Masana a tsiku lachinayi kunamveka kugogoda. Pakhomo panali Marit ndi amayi ake, kumbuyo kwawo ana ena asanu ndi anayi a m'kalasi muja, chipale chofewa chili mbuu m'mapewa.

"Pepani aphunzitsi, kachitidwe kake sitikadziwa bwino," anatero amayi a Marit. "Tabwera kudzakhala."

Ndaziona anakoka mpando umodzi wokha umene unalimo. Mayiwo anaukana. Anatsikira pansi movutikira, atagwira bondo, natsamira khoma, nawongola miyendo. Ana nawo anatero, wina pafupi ndi mnzake, mpaka chipinda chinadzaza. Mmodzi anatsegula pakamwa kuti anene mawu achitonthozo, koma Marit anamugwira mkono.

"Iwe, salankhula. Amangokhala."

Pamenepo Ndaziona analira, koyamba chimvereni uthenga uja. Analira monga amalirira kwawo, mokweza, akuitana amayi ake. Palibe amene anadzuka. Palibe amene anamuuza kuti atonthole.

Nthawi yopita itakwana, Marit anakatsuka makapu. Makapuwo anali awiri okha, ndipo anali oyera kale, koma anawatsukabe. Amayi a Marit, akuvala nsapato pakhomo, anati, "Tsiku lija aliyense anatipatsa mpata. Inu nokha ndi amene munabwera."

Ndaziona atafika kwawo anayamba wapita kumanda kukaona pamene anagona amayi ake. Kenako anapita ku koleji. Kalata ija inakhalabe m'chikwama. Anamaliza maphunziro ake, ndipo lero ali m'kalasi.

Inu amene mukunyamuka kukayesera ntchitoyi m'masukulu a eni, mudzabwerako ena mwa inu mukuganiza kuti simunasiyeko kanthu. Musafulumire kudziweruza. Zimene mwalemba pa bolodi zimafufutidwa tsiku lomwelo, koma ana amasunga zimene anakuonani mukuchita pamene munkaganiza kuti simukuphunzitsa. Chabwino chimene munachitenga kwa makolo anu musachite nacho manyazi kwa eni. Ndipo tsiku lina mukadzaona mpando wopanda munthu m'kalasi mwanu, mudzafunse njira.