Wolawa Khofi Amene Sankameza

Kumapiri a ku Thyolo kunali bambo wina amene ntchito yake inali yolawa khofi pa esiteti. Abale anga, lilime la munthu ameneyu linali la mtundu wina. M'mawa uliwonse ankamundandalikira makapu makumi atatu patebulo. Iye ankatapa ndi sipuni, n'kukoka kuti fyuu, n'kuzunguza m'kamwa, kenako n'kulavulira mu ndowa imene inkakhala pamapazi ake. Ntchitoyo amaigwira choncho, pakuti munthu sangameze makapu onsewo. Akalavula ankagamula pomwepo: uyu anathyoledwa wosapsa, uyu ananyowa poyanika, uyu ndiye khofi weniweni. Ndipo sankaphonya.

Chaka china thupi linayamba kumulemera. Kuchipatala anamuyeza magazi n'kupeza kachirombo kamene kamawononga chiwindi pang'onopang'ono, mwakachetechete.

Dokotala anamuuza kuti, "Bambo, chiwindi chanu chayamba zipsera. Mapiritsi awa muzimwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo mowa musiye. Ngati mumakonda khofi, kapu imodzi kapena ziwiri patsiku si vuto. Ofufuza ena aona kuti amathandizako chiwindi, koma si mankhwala ayi."

Pa mawu onsewo, bambo uja anatolapo amodzi okha: khofi. Eee, chimwemwe chake! Njira ya kwawo anaiyenda ngati mnyamata, akumwetulira ndi mitengo yomwe. Asanalowe n'komwe m'nyumba anayamba kuitana mkazi wake.

"Mayi a Tiyanjane, ine ndinachira kalekale osadziwa. Zaka makumi awiri khofi ali m'kamwa mwanga, makapu makumi atatu patsiku. Alipo wondiposa m'dziko muno?"

Anatenga piritsi limodzi, naliika palilime monga mwa chizolowezi chake. Analizunguza, nakwinya nkhope, nati n'lowawa ndipo lilibe fungo. Analilavula, botolo la mapiritsiwo n'kuliika pawindo.

Miyezi inadutsa. Mapazi anayamba kutupa, nsapato zinakana kulowa, koma mwini wake ankangoyimba nyimbo popita kuntchito. Mkazi wake mantha anamugwira, chifukwa ankaona kuti mwamuna wake akutha iye akuyang'ana. Tsiku lina anamanga botolo lija pansonga ya chitenje n'kumulondola ku esiteti. Anaima pakhomo pa chipinda cholawiramo khofi n'kumaonerera. Fyuu, kulavula. Fyuu, kulavula. Mpaka kapu yomaliza.

Pamenepo mayiyo analowa, nanyamula ndowa ija, naikhazika patebulo pakati pa makapu.

"Bambo a Tiyanjane, ngati khofi amachiritsa, ndiye kuti yachira ndi ndowayi. Inu mwamezapo chiyani?"

Bambo uja anasuzumira mu ndowamo, nayang'ana mapazi ake otupa. Manyazi anamugwira, mantha n'kubwera pambuyo. Mkazi wake anamasula chitenje, namupatsa piritsi ndi madzi. Tsono tamverani, abale: munthu uja anameza! M'chipinda chimenecho, pa zaka makumi awiri, chimenecho chinali chinthu choyamba kudutsa pakhosi pake.

Mawa lake anabwerera kuchipatala n'kukaulula zonse. Anamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, owawa omwewo. Patapita miyezi dokotala anayang'ana zotsatira za magazi, nati kachirombo kafooka, chiwindi chapeza mpumulo. Nsapato zinalowanso. Ndipo m'mawa uliwonse, akameza piritsi lake, ankakhala pakhonde ndi mkazi wake n'kumwa kapu imodzi ya khofi mpaka pansi.

Okondedwa, ambiri a ife timabwera m'tchalitchi muno ndi sipuni. Mawu a Mulungu timawadziwa kukoma kwake. Timadziwa mlaliki amene wathira mchere ndi amene wasukulutsa. Timadziwa kwaya imene yaphonya. Vesi likatikomera timafuula Ameni, likatiwawa timati limeneli ndi la mnansi wanga. Tikangofika pakhomo paja timalavula zonse, n'kumapita kwathu tikudzitama kuti takhala mu mpingo zaka makumi awiri.

Koma nthenda yathu ili m'kati, kumene lilime silifika. Tchimo limadya munthu mwakachetechete ngati kachirombo kaja, ndipo Mawu amene angokhudza m'kamwa sachiza mtima. Uthenga wokoma ndi wakuti Sing'anga wathu Yesu akadali pano, ndipo nthawi sinathe. Mawu amene akuwawirani lero, amene mukufuna kuwasiya pawindo, ndi omwewo amene akupatseni moyo. Lero musalawe, abale anga. Mezani.