Mapazi Awiri a Chitseko

Ine ndayenda, abale. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero malole anga amadutsa malire ngati akupita kuseri kwa nyumba, ndipo kulikonse kumene ndatsitsa katundu ndalowako m'bwalo la mpira. Ndaona oyimbira a nsapato zonyezimira ndi a mawotchi awiri pamkono. Koma wofanana ndi telala wa mumsewu mwathu sindinamupezebe.

Mkati mwa sabata telalayu ankapalasa makina ake pakhonde la sitolo, tepi ili m'khosi. Loweruka ankavula tepi n'kuvala wezulo. Pakagwa firikiki, ankawerenga mapazi khumi kuchokera pampira, n'kulemba mzere ndi chidendene, kenako n'kubwerera chafutambuyo, maso ali pakhoma la osewera. Khoma sankalifulatira.

Mchimwene wa mkazi wake anali kaputeni wa timu ya owotcherera zitsulo. Ankamutcha Chitseko, poti akaima kumbuyo panalibe wodutsa. Koma anali ndi nthenda imodzi: woyimbira akangotembenuka, iye ankakoka anzake makabudula, khoma lonse n'kumakwawa ndi zala za kumapazi mpaka litaba mapazi awiri.

Tsiku lina telala anamubweza, n'kumubwezanso. Atakwawa kachitatu anamuonetsa kadi yachikasu. Madzulo Chitseko anafika pakhonde paja atatentha ngati chitsulo chochoka pamoto.

"Alamu, ine ndinakupatsani mlongo wanga, inu mukundithokoza ndi kadi?"

"Nanga zigamba zonse ndakuikirani m'mathalauzazi si kuthokoza?" anaseka telala, mwendo osachoka pamakina. "Mverani, alamu. Ine ndimakubwezani chifukwa ndinu wanga. Kunjaku kuli oyimbira osakalipa. Amakusiyani mube, n'kukugwirani katundu ali m'manja."

"Mulibe chibale inu! Mtima wanu ndi wa singano."

Kuyambira pamenepo Chitseko anayamba kusoketsa kwina, ndipo pakhonde paja ankadutsa nkhope ili kumbali.

Chaka chimenecho chinali chake chomaliza. Maondo anali atayamba kudandaula, koma chikho anali asanachinyamulepo. Mwamwayi owotcherera anafika fainolo. Atapemphedwa kuti ayimbire, telala anakana. "Muli mlamu wanga mmenemo," anatero, n'kukakhala pakati pa oonerera. Kunabwera woyimbira wachilendo, wofatsa, womwetulira ngati mlendo wa paukwati.

Chitseko anagwetsa munthu m'chigawo choyamba n'kulandira yachikasu, koma timu yake inamwetsa chigoli n'kutsogola. Masewero ali pafupi kutha, firikiki inagwa pakamwa penipeni pa golo lawo. Mlendo uja anawerenga mapazi khumi, analemba mzere, n'kufulatira khoma. Chitseko anati laponda lamphawi. Anakoka makabudula.

Mawu amodzi anadula phokoso lonse la bwalo: "Alamu, bwererani!"

Chitseko anamva, koma anangotukula chifuwa. Mlendo anatembenuka, anayang'ana pansi, n'kuliza wezulo. Mpira unamenya chifuwa cha Chitseko n'kuuluka, bwalo n'kuphulika ndi nthungululu. Wezulo inaliranso. Akumwetulirabe, mlendo analoza mzere umene unatsala kumbuyo kwa zidendene za kaputeni. Yachikasu yachiwiri, kenako yofiira. Firikiki inabwerezedwa, ndipo khoma lopanda chitseko linalowetsa mpira ngati mphepo. M'nthawi yowonjezera owotcherera, poti anali operewera, anamwanso china. Chikho chinapita akuchiona.

Lolemba m'mawa Chitseko anaima mumsewu, patali ndi khonde, kabudula wong'ambika ali m'manja.

"Bwanji mwaima kutali ngati mwabwera kudzafunsira?" anafunsa telala.

"Ndawerenga khumi kuchokera pamakina anu." Kenako chimunthucho chinabwerera m'mbuyo, phazi limodzi, lachiwiri. "Awiri awa ndi aja ndinkakuberani, alamu. Ndabweza."

Ndikanakhala ine ndikanamukumbutsa zonse mpaka dzuwa kulowa. Telala sananene n'komwe kuti ndinakuuzani. Anangokankha mpando ndi phazi.

"Ndalandira. Tsopano dutsani mzerewo, bweretsani kabudulayo asanakuonetseni zina."

Womwetulira uja anakwera basi tsiku lomwelo, ndipo dzina la Chitseko sanalifunse n'komwe. Amene ankakalipa ndiye anatsala akusoka kabudula. Akulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.