Woimba Gitala Amene Ankakana Kolona

Loweruka pa 7 Okutobala 2017, tsiku lokumbukira Amayi Maria a Kolona, dzuwa lachilimwe linaswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ku Chirimba kunkakhala mkulu wina woimba gitala yamagetsi. Kuyambira 1974 iye ankadyera nyimbo za roko, zija zimene wailesi sinaleke kuziimba mpaka lero.

Mkuluyo ku Misa sankajomba, koma Kolona ankaikana. Ankati kunena Tikuoneni Maria kamakumi asanu n'kusokosera kumwamba, pakuti wamva wamva. Mkazi wake ankangoseka, komabe mumtima zinkamuwawa. Tsiku limenelo mphakati unayenera kudzapemphera pakhomo pawo 5 koloko madzulo, ndipo mayiwo anali atatopa kufunsidwa kumene kwapita mwini nyumba. M'mawa anampempha kuti kamodzi kokha apezekepo. Iye anati aona.

Masana anakaimba ku ukwati. Anayamba ndi nyimbo yatsopano imene anaipeka miyezi itatu. Anthu anangokhala duu, ena akudzipepeza ndi mapepala. Kenaka nkhoswe yakuchikazi, bambo waimvi mbuu, inaimirira.

"Achimwene, zatsopanozo mukaimbire akwanu. Ife tipatseni ija!"

Anawapatsa ija, yakalekale. Holo yonse inadzuka, mpaka ophika anasiya miphika. Itatha, anthu anati ibwerezedwe. Anaibwereza kanayi. Popuma, anafunsa nkhosweyo ngati satopa ndi nyimbo imodzimodzi zaka zonsezi.

"Imeneyi ndinavina ndi malemu mayi akunyumba tili pachibwenzi," inatero nkhosweyo, ikupukuta thukuta. "Ndingatope nayo bwanji? Ndikaimva, ndimakhala nawo."

Woimba gitala uja anayang'ana wotchi: kunatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti 5 koloko ikwane. Anthu ankafuula kuti aimbenso, ndipo kutamandidwa kumakoma. Iye anaganiza pang'ono, nazula chingwe cha gitala, nasiyira anzake a bandi, nakwera kabaza.

Anapeza mapemphero atayamba. Anagwada kumbuyo, maondo akulira gobede. Mkazi wake sanacheuke. Anangotambasulira dzanja kumbuyo, nampatsa kolona ina imene anali ataikonzeratu m'chitenje. Zala zimene zinauma ndi nsambo za gitala zinayamba kuyenda pamikanda, ndipo mawu ake aakulu aja anamveka mpaka kumsewu.

Abale anga, tanthauzo lake nali. Munthu sabwereza mawu chifukwa choti womvayo ndi wogontha. Amabwereza chifukwa mawuwo amamsunga pafupi ndi amene amamkonda. Tikamanena Tikuoneni Maria kachiwiri, kachitatu, kamakumi asanu, sitikudziwitsa Mulungu zimene sakudziwa. Tikungokana kuchoka msanga pamaso pa Amayi, amene amatitsogolera kwa Mwana wawo. Mwezi uno, mphakati ukafika pakhomo panu, mupezekepo.

Amene anagwada pamkeka tsiku limenelo anali awa: bambo Venansio Kamwendo, wapampando wa mphakati, mayi Sikolasitika Likongwe, amene anatsogolera mapemphero, bambo Polikapo Chiwaya ndi akazi awo, mayi Feliziya, mayi Anasitaziya Mpinganjira, khanda lili kumsana, mayi Perepetuwa Chisale, amene anafika mochedwa, mayi apanyumbapo, ndi mwini nyumba.